Kuvomera mlandu kwa wapolisi wodzizimbaitsa: kodi khoti limalandira umboni wotere? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera nthawi iliyonse ikamveka nkhani yoti munthu wamangidwa chifukwa cha mawu amene anauza "mnzake", kenako mnzakeyo n'kupezeka kuti anali wapolisi. Mayankho atsamira pa zigamulo za makhoti a ku Canada, Australia, America ndi England, komanso khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, poti kumeneko nkhaniyi yakanganiridwa kwa zaka zambiri. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho amene ali ndi mlandu weniweni aonane ndi loya wa kumene mlanduwo uli.

1. Kodi apolisi odzizimbaitsa amapeza bwanji mawu ovomera mlandu?

Njira zodziwika zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya m'chitokosi: wapolisi amavala ngati mkaidi, kapena amatumiza kazitape, n'kukagona chipinda chimodzi ndi woganiziridwa kuti azicheza naye. Yachiwiri ndi yogwiritsa ntchito mnzake weniweni wa woganiziridwayo, amene amamuveka kachipangizo kojambula mawu. Yachitatu ndi yaikulu komanso yodya ndalama zambiri: apolisi amapanga gulu la zigawenga lonamizira, n'kumukokera munthuyo m'gululo kwa miyezi, mpaka tsiku limene adzakumane ndi mkulu wa gulu. Imeneyi ku Canada amaitcha Mr. Big, ndipo ndi imene yabweretsa mikangano yambiri m'makhoti.

2. Njira ya Mr. Big imayenda bwanji?

Imayamba ngati mwangozi. Munthu wina amakupempha kuti umuthandize kufufuza m'bale wake wosowa, kapena kukankha galimoto yowonongeka, ndipo amakupatsa kangachepe kothokoza. Mawa lake amakuimbira foni kuti pali kaganyu konyamula katundu. Ganyu uja amakula pang'onopang'ono: lero kuperekeza phukusi, sabata yamawa kuwerenga mitolo ya ndalama m'chipinda cha hotela, mwezi wamawa kukwera ndege. Zonsezi ndi sewero. Katundu "wakuba" ndi wa apolisi, ndalama ndi za boma, ndipo amene akumenyedwa pamaso pako chifukwa "wanamiza gulu" naye ndi wapolisi.

Nthawi yonseyi anzako atsopanowo amabwereza mfundo imodzi: m'gulu muno timakhululuka chilichonse kupatula bodza. Ndiye tsiku limafika. Bwana wamkulu amakuitana, n'kukuuza kuti anthu ake a ku polisi amutsina khutu kuti mlandu wako wakale wadzukanso. Akhoza kuufafaniza, mwina popeza wina wodwala mwakayakaya woti ausenze, koma afunika kudziwa zonse zimene zinachitika. Ukakana, amati ukumunamiza. Ukavomera, kamera yobisika imakhala ikujambula. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Apolisi a ku Canada a RCMP anaikhazikitsa njirayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'chigawo cha British Columbia, ndipo pofika 2008 anali ataigwiritsa ntchito maulendo oposa 350. Kenako inafika ku Australia ndi ku New Zealand.

3. Kodi si mlandu kuti wapolisi aname chonchi?

Bodza palokha silipangitsa umboni kukanidwa. Makhoti ambiri amavomereza kuti chigawenga sungachigwire poyamba wachiuza dzina lako ndi nambala yako ya ntchito. Wapolisi amene amagula mankhwala osokoneza bongo monamizira amanama, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Chimene khoti limafunsa ndi china: bodzalo linamuchita chiyani munthuyo? Ngati linangomupatsa mpata womasuka n'kulankhula zimene zinali kale kukhosi kwake, vuto ndi lochepa. Ngati linamuika pamalo poti kunena kuti "ndinapha" kunali kopindulitsa kuposa kunena kuti "sindinaphe", mawuwo ayamba kukayikitsa, ngakhale apolisi atakhala kuti sanamukhudze ndi chala.

4. Nanga lamulo lakale loti munthu avomere mwa kufuna kwake silikugwira ntchito pano?

Lamulolo ndi lakale ndithu. Ku England linamveka kale pa mlandu wa Warickshall mu 1783, ndipo linalongosoledwa bwino pa mlandu wa Ibrahim mu 1914: mawu ovomera salandiridwa ngati anapezeka poopseza munthu kapena pomulonjeza zabwino, ndipo woopseza kapena wolonjezayo ndi munthu waudindo pa mlanduwo, monga wapolisi kapena woimira boma.

Mpata uli pa mawu akuti "waudindo". Makhoti amayang'ana zimene woganiziridwayo ankakhulupirira. Munthu amene akulankhula ndi bwana wa zigawenga saganiza kuti akulankhula ndi boma, choncho lamulo silimuteteza, ngakhale malonjezo amene akupatsidwa ndi aakulu kuposa amene wapolisi wovala yunifolomu angayerekeze kupereka. Khoti la Suprimu la Canada linanena zimenezi pa mlandu wa Grandinetti mu 2005, pomwe apolisi odzizimbaitsa anauza woganiziridwa kuti ali ndi apolisi achinyengo amene angasocheretse kafukufuku. Khoti lalikulu la Australia linatsata maganizo omwewo pa mlandu wa Tofilau mu 2007, ngakhale woweruza mmodzi, a Kirby, anatsutsa.

Kunena zoona, apa lamulo limaoneka ngati likudziseka lokha. Wapolisi ali mu ofesi akati "vomera, ndikuthandiza", umboni wafa. Wapolisi yemweyo akavula yunifolomu n'kunena mawu omwewo atanyamula thumba la ndalama, lamulo lakale lija limangoyang'ana kumbali. Mpata umenewu ndi umene unachititsa kuti Canada ipange lamulo latsopano, lomwe lafotokozedwa pa funso 8.

5. Kodi wapolisi wodzizimbaitsa sayenera kuchenjeza munthu kuti ali ndi ufulu wokhala chete?

Akachenjeza ndiye kuti sewero latha. Ku America, chenjezo lotchuka lija linachokera pa mlandu wa Miranda mu 1966, koma mu 1990, pa mlandu wa Illinois v. Perkins, Khoti la Suprimu linati silifunika pamene wofunsayo wadzizimbaitsa ngati mkaidi. Perkins anali m'ndende pa mlandu wina, ndipo "mkaidi mnzake" anamukopa ndi mapulani othawa, n'kumufunsa ngati anaphapo munthu. Iye anafotokoza zonse modzitama. Khoti linati chenjezo la Miranda linapangidwa pofuna kuthana ndi mantha amene munthu amakhala nawo akazunguliridwa ndi apolisi, ndipo amene akuganiza kuti akucheza ndi mkaidi mnzake alibe mantha amenewo. Koma malire alipo: munthu akangoimbidwa mlandu mwalamulo, boma silingamutumizire kazitape kuti amufunse za mlandu womwewo loya wake palibe. Izi zinagamulidwa pa mlandu wa Massiah mu 1964.

Maiko ena amalimbitsa kwambiri. Ku Canada, pa mlandu wa Hebert mu 1990, munthu anaonana ndi loya n'kuuza apolisi kuti salankhula. Iwo anamuikira wapolisi wodzizimbaitsa m'chitokosi amene anamupala m'kamwa. Khoti linakana umboniwo, likunena kuti boma silingalowere pawindo pamene munthu watseka chitseko. Linasiyanitsa wapolisi amene amangomvetsera ndi amene amafunsa mochenjera: woyambayo ndi wololedwa. Ku Australia, mlandu wa Swaffield mu 1998 unatha chimodzimodzi. Ndipo mu 2002 khoti la ku Ulaya, pa mlandu wa Allan wotsutsana ndi United Kingdom, linati kuika kazitape wophunzitsidwa ndi apolisi m'chitokosi cha munthu amene wasankha kukhala chete kunali kumufunsa mafunso a polisi mobisa, popanda loya komanso popanda chenjezo.

Onani kuti chitetezo cha Hebert chimagwira munthu amene ali m'manja mwa apolisi. Wa Mr. Big amakhala panja, akuyenda momasuka, choncho sichimufikira.

6. Munthu wosalakwa angavomere bwanji kuti anapha? Ine sindingatero.

Aliyense amatero asanakumane nazo. Koma funsoli limaiwala chinthu chimodzi: munthuyo sakudziwa kuti akuvomera mlandu. M'maganizo mwake akulankhula ndi chigawenga chimene sichidzapita ku polisi. Bodza lake, monga akuonera iye, silimutayitsa kanthu. Choonadi ndiye chimutayitsa zonse: ntchito, ndalama, anzake okhawo amene ali nawo, ndipo mwina chitetezo chake, poti waona ndi maso zimene gululo limachita kwa amene bwana wasiya kuwakhulupirira. Ndiponso wauzidwa kuti apolisi ali pafupi kumumanga, wolakwa kapena wosalakwa, ndipo bwanayu yekha ndiye angamupulumutse. Muike munthu wosauka, wosungulumwa, pamalo amenewo, muone ngati angaumirire kukana kachitatu.

Palinso kudzitama. M'gulu limene ulemu umapita kwa wouma mtima, wachinyamata amakokomeza nkhani kuti aoneke mwamuna. Kyle Unger wa ku Manitoba, m'dziko la Canada, anapezeka wolakwa mu 1992 pa imfa ya mtsikana amene anaphedwa mu 1990 pa chikondwerero cha nyimbo. Anavomera kwa apolisi odzizimbaitsa amene anamulonjeza ntchito ya ndalama zambiri, koma zina zimene ananena sizinkagwirizana ndi zimene zinachitika, mpaka anawasonyeza mlatho umene unamangidwa mtsikanayo ataphedwa kale. Tsitsi limene ankati ndi la Unger, DNA inadzaonetsa kuti silinali lake. Anakhala m'ndende zaka pafupifupi 14, ndipo khoti linamupeza wosalakwa mu 2009.

7. Mlandu wa Hart umatchulidwa kwambiri. Chinachitika n'chiyani?

Pa 4 Ogasiti 2002, ana amapasa aakazi a zaka 3 a Nelson Hart anamira m'nyanja ya Gander ku Newfoundland, m'dziko la Canada, ali ndi bambo awo. Poyamba iye anauza apolisi kuti mmodzi anagwera m'madzi, ndipo poti sadziwa kusambira anasokonezeka n'kuthamangira kunyumba kukatenga mkazi wake. Pambuyo pake anasintha, n'kunena kuti anagwa khunyu ndipo anabisa poopa kulandidwa laisensi yoyendetsera galimoto. Apolisi ankamukayikira koma analibe umboni.

Mu 2005 anamutchera msampha. Hart anali paulova, akudalira thandizo la boma, ndipo sankatuluka kawirikawiri m'nyumba. M'miyezi inayi anachita nawo zochitika 63 zokonzedwa ndi apolisi, analipidwa madola a ku Canada oposa 15,000, anayendera mizinda ngati Montreal ndi Vancouver, akugona m'mahotela apamwamba. Apolisi awiri amene ankayenda naye ankawatcha abale ake. Atakumana ndi bwana wamkulu anayamba ndi nkhani ya khunyu ija. Bwanayo anamuuza kuti asamunamize. Apo ndi pamene anati anawakankhira m'madzi. Kwa bwanayo anati anawagunda ndi phewa. Patapita masiku awiri, atapita kunyanja kukasonyeza, anagwiritsa ntchito bondo.

Kanthu kamodzi kamanena zambiri kuposa zonsezi. Atamangidwa n'kupatsidwa mpata woimba foni, munthu woyamba amene anamuimbira kupempha thandizo anali mmodzi wa "abale" aja, wapolisi yemwe anamutchera msamphawo. Anapezeka wolakwa mu 2007, koma pa 31 Julaye 2014 Khoti la Suprimu la Canada linati mawu ake ovomera sanayenere kulandiridwa.

8. Lamulo limene linatuluka pa mlandu wa Hart likuti chiyani?

Chigamulo chimene analemba woweruza Moldaver chinatembenuza poyambira. Kale mawu opezeka mwa njira ya Mr. Big ankalowa mosavuta. Tsopano ku Canada amayamba ali okanidwa, ndipo boma ndi limene liyenera kuonetsa kuti phindu lawo ngati umboni likuposa kuipa kumene angabweretse pa wozengedwa mlandu. Phindulo limayezedwa poona kudalirika kwa mawuwo, zomwe zili pa funso 9, ndipo kuipako ndi kumene kwafotokozedwa pa funso 10.

Mbali yachiwiri ndi khalidwe la apolisi. Ngakhale mawu ataoneka odalirika, woweruza akhoza kuwakana, kapena kuimitsa mlandu wonse, ngati apolisi anapyola malire. Za malirewo onani funso 11.

9. Woweruza amadziwa bwanji kuti mawu ovomera ndi odalirika?

Amayamba ndi m'mene mawuwo anapezekera. Sewero linatenga nthawi yaitali bwanji, anakumana kangati, ubale unazama kufika pati, analonjezedwa chiyani, anaopsezedwa kapena ayi, ndipo munthuyo ndi wotani: msinkhu wake, maphunziro, thanzi la maganizo, umphawi wake. Madola 5,000 kwa munthu wa ntchito yake si chimodzimodzi ndi madola omwewo kwa amene akusowa chakudya.

Kenako amalowa m'mawu enieniwo. Kodi ali ndi tsatanetsatane? Kodi munthuyo watchula chinthu chimene apolisi sanaulule kwa anthu, monga chida chimene chinagwiritsidwa ntchito kapena m'mene thupi linagonera? Kodi watchula tinthu ting'onoting'ono tosafunika, monga mtundu wa chinsalu cha pawindo, timene amene sanafikepo sangatidziwe? Koposa zonse, kodi mawuwo atsogolera apolisi ku umboni umene sankaudziwa?

Mfundo yomalizayi ndi imene imalekanitsa milandu. Miyezi iwiri chigamulo cha Hart chitatuluka, khoti lomwelo linavomereza umboni wa Mr. Big pa mlandu wa Mack. Mack anali ndi mwayi wa ntchito yabwino, analipidwa zochepa, ndipo anatengera wapolisi wodzizimbaitsa pa dzenje lootchera moto pamene panapezeka mafupa a mnzake wogona naye nyumba imodzi, pamodzi ndi makoko a zipolopolo ogwirizana ndi mfuti imene inapezeka kunyumba kwake. Ku Queensland, m'dziko la Australia, Daniel Morcombe, mnyamata wa zaka 13, anasowa mu Disembala 2003. Mu 2011 Brett Cowan anatengera apolisi odzizimbaitsa kumalo a ku Glass House Mountains, ndipo kufufuza kumeneko kunatulutsa mafupa a mnyamatayo. Anapezeka wolakwa mu 2014. Mlandu suwola, koma apa chimene chinamugwira ndi mafupawo, mawu anangosonyeza njira. Pa Hart panalibe chilichonse chotere: anangonena zimene aliyense wodziwa malowo akanatha kupeka.

Chenjezo limodzi. "Chinsinsi chimene wakupha yekha angadziwe" chili ndi mphamvu pokhapokha ngati chinalidi chinsinsi. Ngati woganiziridwayo anachimva pofunsidwa ku polisi zaka zapitazo, kapena anachiwerenga m'nyuzipepala, kapena wapolisi wodzizimbaitsa anachitchula mosazindikira m'funso lake, ndiye kuti munthuyo akungobweza zimene wapatsidwa. Loya wabwino amathera masiku akufufuza njira imene mfundo iliyonse inadzera.

10. Ngati mawuwo ndi okayikitsa, bwanji osangowasiya kuti oweruza aone okha?

Chifukwa saloŵa okha. Kuti boma lifotokoze m'mene mawuwo anapezekera, liyenera kuonetsa sewero lonse, ndipo m'maiko amenewa milandu ya kupha nthawi zambiri imagamulidwa ndi jury, gulu la anthu wamba. Anthuwo amakhala masiku akuonera wozengedwa mlandu akunyamula katundu amene akuganiza kuti ndi wakuba, akutukwana, akuseka pamene wina akumenyedwa, akupempha kuti alowe m'gulu la zigawenga. Pofika pa funso loti kodi anapha, mitima yawo yamuweruza kale.

Wozengedwayo amagwidwa pawiri. Kuti adziteteze ayenera kunena kuti ananama pofuna ndalama ndiponso pofuna kukondedwa ndi zigawenga. Ndiye kuti akupempha jury kuti imukhulupirire lero pa chifukwa chakuti ndi wabodza komanso wadyera. Pa mlandu wa Mack khoti linati mawu akalandiridwa, woweruza ayenera kuchenjeza jury za zinthu ziwiri: kuti mawu otere akhoza kukhala onama, ndi kuti kulowa nawo m'milandu yonamizira si umboni woti munthu anapha. Ngati chenjezo limafafanizadi zimene maso aona, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndimakayika.

11. Malire a apolisi ali pati?

Chiwawa kapena kuopseza woganiziridwayo mwachindunji ndi malire oonekeratu. Mlandu wa ku America wa Arizona v. Fulminante wa mu 1991 ndi chitsanzo. Fulminante anali m'ndende pa mlandu wina, ndipo akaidi anzake ankamuchitira nkhanza chifukwa cha mphekesera yoti anapha mwana wa mkazi wake wa zaka 11. Kazitape wa apolisi ofufuza a FBI, amene ankadzionetsa ngati wa gulu la zigawenga, anamulonjeza chitetezo ngati atamuuza zoona. Khoti linati uku kunali kukakamiza, chifukwa munthuyo ankagula chitetezo cha thupi lake ndi mawu.

Povuta ndi pa chiwawa cha sewero, chochitidwa kwa wina pamaso pa woganiziridwa. Apolisi amati cholinga ndi kumuonetsa kuti gululo silinyansidwa ndi nkhanza, kuti amasuke. Koma woonerayo amaphunziranso china: izi ndi zimene zimachitikira wokhumudwitsa bwana. Makhoti amayang'ana ngati womenyedwayo anali wa m'gulu kapena wakunja, ndi ngati uthenga unali woti nawenso zingakuchitikire. Chigamulo cha Hart chinatchulanso kudyera masuku pamutu munthu chifukwa cha kufooka kwake, monga matenda a maganizo, uchidakwa kapena ubwana.

12. Nanga wapolisi akanamizira chikondi?

Zinachitikapo, ndipo zinatha moipa. Rachel Nickell anaphedwa ku Wimbledon Common mu London mu Julaye 1992. Apolisi anakayikira Colin Stagg, ndipo wapolisi wamkazi wogwiritsa ntchito dzina lonamizira anayamba kulemberana naye makalata ndi kukumana naye kwa miyezi, akumusonyeza kuti angamukonde ngati atakhala amene anachita zimenezo. Stagg sanavomere, koma anaimbidwabe mlandu chifukwa cha zimene analemba ndi kulankhula. Mu Sepitembala 1994 woweruza Ognall anakana umboni wonsewo n'kudzudzula apolisi kwambiri, ndipo mlandu unagwa. Anthu ambiri anapitiriza kumuloza chala kwa zaka, mpaka 2008 pamene Robert Napper anavomera kuti ndi amene anapha, DNA itamulumikiza. Chaka chomwecho Stagg anapatsidwa chipukuta misozi cha mapaundi 706,000.

13. Kodi England ndi America amagwiritsa ntchito Mr. Big?

Njirayi sinakhazikike kumeneko monga ku Canada. Ku England lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984 lili ndi zigawo ziwiri zofunika. Gawo 76 limakana mawu ovomera opezeka mwa kupondereza, kapena mwa chilichonse chonenedwa kapena chochitidwa chimene chingawapangitse kukhala osadalirika, ndipo silifunsa ngati womvayo anali waudindo. Gawo 78 limapatsa woweruza mphamvu yokana umboni umene ungaononge chilungamo cha mlandu. Pa mlandu wa Christou mu 1992, apolisi anatsegula sitolo yonamizira yogula zibangili ndi ndolo ku London, n'kujambula obweretsa katundu wakuba. Khoti la apilo linalandira umboniwo, koma linachenjeza kuti apolisi asadzizimbaitse n'cholinga chozemba malamulo a kafunsidwe ka anthu.

Komabe umboni umawoloka malire. Sebastian Burns ndi Atif Rafay anavomera kwa apolisi a RCMP odzizimbaitsa ku Canada pa imfa ya makolo ndi mlongo wa Rafay, amene anaphedwa mu 1994 ku Bellevue m'chigawo cha Washington. Khoti la ku America linalandira mawuwo, ndipo anapezeka olakwa mu 2004. Onse awiri akhala akunena kuti ananama chifukwa cha mantha.

14. Kodi izi si zofanana ndi kukopa munthu kuti apalamule?

Ayi. Kukopa munthu kuti apalamule ndi pamene boma limayambitsa mlandu watsopano umene sukanachitika, n'kumanga amene lamunyengerera. Pa nkhani yathuyi mlandu unachitika kale, apolisi asanabwere, ndipo "milandu" ya m'sewero munthu saimbidwa nayo. Chimene apolisi akusaka ndi mawu onena za dzulo. N'chifukwa chake kudandaula kuti "anandikopa" sikuthandiza pa milandu yotere, ndipo maloya amalimbana ndi kudalirika kwa mawu ndi khalidwe la apolisi.

15. Ndani amagamula, ndipo amagamula liti?

Woweruza, jury isanamve kalikonse. Pamakhala kamlandu kakang'ono mkati mwa mlandu waukulu, kamene maloya amakatcha voir dire, komwe apolisi odzizimbaitsa amaperekera umboni n'kufunsidwa ndi loya wa wozengedwa, ndipo zojambula zimaseweredwa. Ku England, funso la gawo 76 likadzuka, boma liyenera kutsimikizira mosasiya chikayiko kuti mawuwo sanapezeke mwa njira yoletsedwa. Pa lamulo la Hart muyezo ndi wopepukirapo: boma lingoonetsa kuti mbali yake ndi imene ikulemera. Koma wonena kuti apolisi anapyola malire ndi amene ayenera kubweretsa umboni wake.

Zojambula ndi zofunika kwambiri pano. Apolisi amajambula bwino tsiku la kuvomera, koma miyezi ya m'mbuyo, pamene malonjezo ankaperekedwa m'galimoto ndi m'malo omwera, nthawi zina imangokhala m'manotsi a wapolisi. Popeza ku Canada mtolo uli pa boma tsopano, mipata yotere imapweteka boma lomwelo. Pa Hart, panali mawu ena amene wapolisi anati anauzidwa kale asanakumane ndi bwana wamkulu. Sanajambulidwe, Hart anawakana, ndipo nawonso anatayidwa.

16. Mawu akakanidwa, nanga mfuti kapena thupi limene lapezeka chifukwa cha mawuwo?

Apa maiko agawanika. Ku England chinthu chopezekacho chimalandiridwa, malinga ndi gawo 76 lomwe lija, koma boma silingauze jury kuti wozengedwayo ndi amene anasonyeza malo. Maganizo amenewa ndi akale ngati mlandu wa Warickshall: mawu a mayi wozengedwa mlanduyo anakanidwa chifukwa analonjezedwa zabwino, koma katundu wakuba amene anapezeka pabedi lake anakhalabe umboni. Ku America kuli chiphunzitso chimene amachitcha chipatso cha mtengo wapoizoni, choti chochokera ku umboni woletsedwa nacho ndi choletsedwa, ngakhale mlandu wa Nix v. Williams wa mu 1984 unalola umboni umene apolisi akanaupezabe okha. Pa Mr. Big ku Canada funsoli limazungulira mwachilendo, poti kupezeka kwa thupi ndi kumene kumapangitsa mawuwo kuoneka odalirika, monga pa funso 9.

17. Kodi mawu akakanidwa ndiye kuti munthu wamasulidwa?

Osati nthawi zonse. Kukana umboni umodzi si kugamula kuti munthu ndi wosalakwa. Ngati boma lili ndi mboni zina, DNA kapena zolemba za foni, mlandu umapitirira popanda mawuwo. Fulminante anazengedwanso. Koma njira ya Mr. Big imagwiritsidwa ntchito makamaka pa milandu imene yauma, pomwe njira zina zonse zalephera, choncho mawuwo akachotsedwa nthawi zambiri sipatsala kanthu. Pa Hart, Khoti la Suprimu linasiya m'manja mwa oimira boma kuti aone ngati angamuzengenso. Patangopita masiku ochepa, mu Ogasiti 2014, iwo anauza khoti la ku Newfoundland kuti umboni wotsala sungakwane, ndipo anachotsa mlandu. Hart anatuluka atakhala m'ndende zaka 9, ndipo palibe khoti limene linanenanso chimene chinachitika pa doko la nyanja ya Gander tsiku lija.